Mlendo ndi Mame

Werengani Machitidwe a Atumwi 8:26-39.

Mwezi uno tifuna kukuuzani za usiku umodzi umene tinakhala pa bwalo la ndege m'dziko la eni, ndi za tchimo limene tinachimwa usiku umenewo. Sitinaba kanthu, ndipo sitinatukwana munthu. Tinangokhala chete pa mpando. Koma chibwererere kwathu mtima sunatipatsa mpumulo, ndipo tayesa kuti nkwabwino kuulula pamaso panu, kuopa kuti inunso mungachite monga tinachita ife.

M'mwezi wa Julaye 2023 mpingo unatituma ife awiri, wolemba mawu ano pamodzi ndi mkulu wina wa mpingo, munthu wa imvi, kunka ku msonkhano wa aphunzitsi a Mawu ku Ghana, kumadzulo kwa Africa. Palibe ndege yochoka kwathu ndi kukatera ku Ghana osasintha panjira. Chifukwa chake tinakwera ku Lumbadzi masana, ndi kutsika kutada ku Addis Ababa, mzinda waukulu wa Ethiopia, kuti tilindire ndege ina ya m'mawa. Anzathu ena apaulendo anatuluka kukagona ku nyumba za alendo mumzinda, koma ife, pokhala osazolowera, tinaopa kusokera ndi kutsalira, ndipo tinati, Tichezera pompano pa mipando.

Ambiri a inu simunaona malo otere. Ganizani nyumba imodzi yaitali, yakuti munthu woyenda kuchokera mbali ino kufikira mbali inayo atopa. Makoma ake agalasi, nyali zake zosazima usiku wonse. M'mbali mwake muli makomo ambiri, khomo lililonse ndi nambala yake, ndi mizere ya mipando patsogolo pake. Pamwamba apachika zikwangwani zowala zolembedwa maina a mizinda ndi maola, ndipo mawu a munthu wosaoneka aitana kosaleka, Onka ku Lagos bwerani, onka ku Mumbai bwerani. Bwalo limeneli alitcha Bole, ndipo lili ngati mphambano pamene zikomana njira za mumlengalenga za ku Africa, ku Asia ndi ku Ulaya. Kupatula antchito, onse okhala m'menemo ndi alendo, ndipo aliyense atchera khutu kuti amve dzina la mzinda wake. Malowo ali pamtunda, mamita oposa 2,300, ndiko kuposa nsonga ya phiri la Dedza. Ndiponso Julaye ndi nyengo yawo ya mvula, kotero kuti usiku kunali chisanu cholowa m'mafupa.

Munthu wolindira alibe ntchito ina koma kupenya, ndipo tinapenya ndithu. Tinaona amalonda onka ku Dubai ndi ku Guangzhou, akukoka matumba aakulu opanda kanthu amene adzabwera nawo odzaza. Tinaona Asilamu onka ku Mecca, amuna atavala nsalu ziwiri zoyera zosasoka, mitu yawo yosavala kanthu. Anapitanso wansembe wa mpingo wakale wa ku Ethiopia, mtanda uli m'dzanja, ndipo mayi wosesa anaika pansi tsache lake, nawerama, naupsompsona mtandawo. Mzungu wina anagona pansi atatsamira chikwama chake monga tichita ife pa depoti ya basi. Tiulule kuti kupenya kwathu kunali kwa oweruza. Tinanong'onezana, Uyu ndi wonyada, uyo nkhope yake ndi ya wakuba. Tinakhala monga anthu oonerera gule ali kunja kwa bwalo, osakumbuka kuti enanso alikutipenya ife, akulu awiri ogwira zikwama ndi manja onse.

Tsono anadza munthu wamtali, wa ndevu zambiri ndi mkanjo wofika kumapazi, nakhala pa mpando wotsatana ndi wa mkulu uja. Ife tinachotsa chikwama chimene chinali pakati, ndi kuchiika pa miyendo, ndi kukulunga lamba wake padzanja. Iye anaona, koma sananena kanthu. Patapita maola awiri mkuluyo anayamba kunjenjemera, pakuti jekete lake linali m'sutikesi imene tinapereka ku Lumbadzi. Pamenepo munthu wa ndevu uja anavula nsalu yaubweya ya paphewa pake, namfunditsa mkuluyo monga mwana afunditsa atate wake. Natulutsa mkate ndi zipatso zouma za kanjedza, natigawira. Chinenero chake sitinachimva, pakuti analankhula Chifalansa ndi Chiarabu. Koma ndi manja, ndi poonetsana matikiti, tinazindikira kuti achokera ku Chad, ndipo alikunka ku chipatala cha ku India. Pomwepo maso athu anaona chimene sanaona maola awiri onse aja: kuseri kwake kunagona kamnyamata ka zaka ngati 7, kowonda, kopuma movutika, ndipo atate wakeyo analoza pachifuwa pa mwanayo, pamene pali mtima. Ndevu ndi mkanjo tinaziona msanga, mwana wodwala sitinamuona.

Tinapempha ndi manja kuti timpempherere mwanayo, ndipo anavomera. Iye anatambasula zikhato zake monga apemphera Asilamu, ife tinaweramitsa mitu yathu, ndipo mkulu uja anapemphera m'Chichewa. Pamene anaitana onka ku Mumbai, anamnyamula mwana wake paphewa. Tinamthamangira kuti timbwezere nsalu, koma anakana, naika dzanja pamtima, napita. Nsaluyo ikali m'nyumba ya mkuluyo kufikira lero. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka munthu uyu kanameta kunyada kwathu.

Mudzayesa kuti pamenepo tinaphunzira, koma iai. Mverani tchimo lenileni.

Moyang'anana nafe, chifikire chathu, panakhala mtsikana wa zaka ngati 20. Madzulo omwewo tinamva Chichewa pakamwa pake, pamene analankhula pa lamya ndi mawu otsika, nati, Amayi, ndafika pena pake, koma sindidziwa kuti ndi kuti. Tinamva bwino lomwe. Koma anavala thalauzi yothina, tsitsi logula, ndi zikhadabo zopaka utoto; ndipo wolemba mawu ano anati mumtima mwake, Awa ndi atsikana a m'tauni; mphunzitsi wa mpingo akaoneka alikucheza naye, anthu adzati chiyani? Taonani kupusa kwake: m'nyumba yodzala anthu osatidziwa, tinaopabe pakamwa pa anthu a kwathu amene analikugona m'midzi mwawo. Usiku wonse mwanayo anakhala pa mpando umodzimodzi, osadya, osagona, tikiti ili m'manja. Ndipo ife tinatembenuzira maso athu kwina.

Mbandakucha mkulu uja, chifundire nsalu ya mlendo, anati, Aphunzitsi, ife watifunditsa mlendo. Nanga mwana uyu adzamfunditsa ndani? Nanyamuka, nakaima pamaso pake, nati, Mwana wanga, kwanu nkuti? Mtsikanayo pakumva chinenero cha kwawo anagwada pansi pomwepo, nati, Agogo. Ndipo mawu ena anatsamwa ndi misozi.

Sanali wa m'tauni. Anali wa kumudzi wina wa chigawo chapakati, ndipo kufikira sabata lomwelo anali asanaone ndi Lilongwe yemwe. Zovala zija zimene tinamweruza nazo anamgulira munthu amene anamfunira ntchito ya m'nyumba ku maiko a Aluya, namuuza kuti ovala zitenje sawalola m'ndege. Kalata ya chipangano cha ntchito analibe. Dzina la mwini nyumba sanalidziwa. Anangomuuza kuti akafika apereke chiphaso chake kwa munthu amene adzamchingamira. Sanadya chichokere kwawo, pakuti anali ndi makwacha okha, ndipo pamenepo sagula kanthu. Tinamgulira tiyi ndi mkate. Tinalemba manambala a lamya zathu pa kapepala, ndi kumuuza kuti akabise m'mpendero wa chovala, pakuti lamya ikhoza kulandidwa. Tinamfunsa ngati afuna kubwerera, ndipo anayankha, Abambo, amayi anagulitsa mbuzi zonse ndi kupinyolitsa munda kuti ndipeze chiphasochi; ndikabwerera chimanjamanja ndidzawayang'ana bwanji? Tinali tisanamyankhe, ndipo mawu aja anaitana dzina la mzinda wolembedwa pa tikiti yake. Anaimirira, naomba m'manja kutsazika, nalowa pa khomo, nacheuka kamodzi.

Mulungu anatipatsa maola 8 ndi mwana ameneyo, ndipo ife tinagwiritsa ntchito mphindi 20. M'maola 8 tikadalankhula ndi amayi ake ndi amalume ake pa lamya. Tikadafunsa akulu a pabwalopo njira ya munthu wofuna kubwerera. Tikadampatsa nthawi yakuti alire, adye, agone pang'ono, ndi kuganiza ali ndi akulu pambali pake. Kufikira lero lamya zathu sizinalira ndi mawu ake. M'chaka cha 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya akazi a ku Malawi amene ananyengedwa ndi malonjezo a ntchito ku Oman, nalandidwa ziphaso zawo, nagwiritsidwa ntchito ngati akapolo; ndipo pakumva izi tinakumbuka nkhope yake. Kapena iye anagwa m'manja mwa anthu abwino, pakuti kumenekonso aliko, Mulungu adziwa. Koma zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo amene anazengereza usiku uja ndi ife.

Tsono tiyeni ku mawu amene tawerenga. Filipo anali pakati pa ntchito yaikulu ku Samariya, anthu ambiri alikutembenuka mtima, pamene anatumidwa kunka ku njira ya m'chipululu yotsika kuchokera ku Yerusalemu kunka ku Gaza. Sanauzidwa chifukwa chake. Anangofika ndi kulindira, monga tilindira ife. Ndipo panapita gareta wa munthu wamkulu, wosunga chuma chonse cha Kandake, mfumu yaikazi ya Aitiopiya. Dziko limene buku lija litchula ndi dzinali linali kum'mwera kwa Aigupto m'mbali mwa mtsinje wa Nile, kumene lero kuli Sudan, ndipo mzinda wake waukulu unali Meroe. Filipo anali nazo zifukwa zambiri zakukhala chete. Munthuyo anali wa mtundu wina ndi wolemera, iye woyenda pansi. Ndiponso anali mdindo, amene chilamulo cha Mose sichinamlola kulowa mu msonkhano monga ena. Koma Filipo sanayang'ana zimenezi. Anatchera khutu, namva kuti munthuyo alikuwerenga mneneri Yesaya. Anathamanga, pakuti gareta sanaima kumlindira. Ndipo anafunsa funso limodzi lokha, lakuti ngati azindikira zimene alikuwerenga. Pa funso limodzilo anamkweza m'gareta, ndipo asanalekane munthuyo anabatizidwa. Sanaonanenso, wina ananka kwawo wokondwa, wina anapezeka ku Azotu. Filipo akadati, Ndiyambe ndaona kuti ndi munthu wotani, gareta akadapita, ndi fumbi lokha likadatsala.

Ndipo dziko lomwelo limene tinachezeramo usiku uja linalandira Uthenga Wabwino mwa mlendo wosayembekezeka. M'zaka za m'ma 300, anyamata awiri a ku Turo, Frumentius ndi Aedesius, analikuyenda pa Nyanja Yofiira. Chombo chawo chitakocheza pa doko lina, eni dziko anapha onse a m'chombomo, nasiya anyamata awiriwo, nawapereka kwa mfumu ya ku Aksum. Anakula m'nyumba ya mfumu ngati akapolo, nakhulupirika, ndipo Frumentius anathandiza kulera mwana wa mfumu, dzina lake Ezana. Pambuyo pake ananka ku Alexandria kukapempha kuti atumize mbusa, ndipo Athanasius, bishopu wa kumeneko, anadzoza iye yemweyo, nambweza. Ezana anakhala Mkhristu, ndipo ndalama zimene anasula pambuyo pake zili ndi chizindikiro cha mtanda. Zina zisungidwa kufikira lero. Wansembe uja tinamuona ndi mtanda m'dzanja ali wa mpingo umene unayamba ndi mnyamata wotsala pa doko. Amene anamuona tsiku lija anangoona kapolo wachilendo.

Mudzati, Ife sitikwera ndege. Nkhani iyi itikhudza bwanji? Abale, malo olindira ali nawo mudzi uliwonse. Mulindira pa khonde la chipatala, pamene osamalira odwala aphika pa mafuwa oyandikana. Mulindira pa depoti basi itachedwa, pa chigayo magetsi atazima, pa mzere wa feteleza, pa mjigo m'chilimwe. Pamenepo Mulungu akhazika pambali panu anthu amene simukadawapeza m'nyumba ya mapemphero. Tikupemphani zinthu zitatu.

Choyamba, penyani munthu kufikira mwaona katundu amene wasenza. Diso lifulumira kuona chovala, mtundu ndi chipembedzo. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Mayi amene sakuyankhani bwino pa chipatala kapena wachezera masiku atatu pambali pa mwana wake. Mnyamata wa zovala zachilendo pa depoti kapena wabwezedwa ku Johannesburg, ndipo aopa kulowa m'mudzi dzuwa likali. Sitinena kuti mutaye nzeru. Musalandire phukusi la munthu wosamdziwa kuti mumnyamulire, makamaka pa malire a dziko ndi pa bwalo la ndege, pakuti ambiri alowa m'ndende motero. Koma kupatsa munthu moni sikunalowetsa munthu m'ndende.

Chachiwiri, funsani msanga. Makolo athu anatisiyira mafunso okwanira: Kwanu nkuti? Mulikunka kuti? Kodi mwadya? Mkulu uja sanalalikira, sanatsegula buku. Anafunsa funso limene afunsa agogo aliyense pakhomo pake, ndipo mtima wa mwanayo unatseguka. Mlendo ndi mame. Dzuwa likakwera simudzampezanso. Pa bwalo lomwelo la Bole, m'mawa wa Sabata, pa 10 Malichi 2019, anthu 157 a mitundu 35 analowa m'ndege yonka ku Nairobi. Ambiri a iwo anakhala kanthawi pa mipando yonga imene tinakhalapo ife, wina pambali pa mnzake wosamdziwa. Patapita mphindi 6 chinyamukire, ndegeyo inagwa, ndipo sanapulumuka ndi mmodzi yemwe. Palibe wa ife adziwa ngati mawu amene anena kwa mlendo, kapena amene amana mlendo, ndiwo otsiriza kumveka m'khutu lake.

Chachitatu chikhudza ana athu enieni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo mtsikana uja ndi mwana wa mudzi wonga wanu. Inu makolo ndi amalume, munthu akadza ndi lonjezo la ntchito ya kutali, musamalole mwana kunyamuka musanaone kalata ya chipangano, dzina la mzinda, dzina la womlemba ntchito ndi malipiro ake. Kafunseni ku ofesi ya boma yoona za ntchito, ndipo muuzeni mwanayo kuti chiphaso chake ndi chake. Safunsa anadya phula. Ndipo inu nonse a mumpingo, mwana akabwerera wopanda sutikesi, musamseke, musamuwerengere mbuzi zimene zinagulitsidwa. Chimene chinamlowetsa mtsikana uja pa khomo lija ndi mantha a kubwerera chimanjamanja, ndipo mantha amenewo timawafesa ndi ife ndi pakamwa pathu. Mlandireni, mphikireni, mkhazikeni pa mpando wake wakale m'kwaya, kuti ena amene ali kutali amve kuti njira ya kwawo njotseguka.

Kumbukirani kuti Ambuye wathu mwini anayenda ngati mlendo pa njira ya ku Emau, ndipo ophunzira awiri sanamzindikira kufikira atamuumiriza kulowa m'nyumba ndi kukhala nawo pachakudya. Akadamlola kupitirira, akadagona usiku umenewo ndi chisoni chawo. Ndipo anatichenjezeratu kuti pa tsiku lomaliza adzatifunsa za mlendo, ngati tinamlandira kapena iai. Ife tonse tili olindira m'dziko lino, ndipo tsiku lina dzina la yense lidzaitanidwa, wina madzulo, wina mbandakucha. Pokhala tikali pa mipando, titembenuke kwa iye amene ali pambali pathu.

Tikupemphani kuti m'mapemphero a mwezi uno, m'nyumba zanu ndi m'misonkhano ya pakati pa sabata, mukumbukire anthu awiri amene maina awo sitilemba pano: kamnyamata ka ku Chad kodwala mtima, ndi mwana wathu wamkazi amene ali ku nyumba ya eni. Mukumbukirenso ife, kuti Mulungu atikhululukire maola amene tinataya, ndi kutipatsa miyendo ya Filipo pamene gareta wina adzapita. Chisomo cha Ambuye chikhale ndi inu nonse. Amen.